Kodi Boma Lingathe Kulanda Dzina?

M'mapiri a ku France, pafupi ndi mzinda wa Grenoble, muli nyumba ya amonke yotchedwa Grande Chartreuse, pamalo pamene Bruno Woyera adakhazikitsa chipani chake m'chaka cha 1084. Amonkewo amakhala moyo wachete ndi wamapemphero, ndipo kuti apeze zosowa zawo amatcheza chakumwa chaukali cha zitsamba zamitundu 130, chimene dzina lake ndi Chartreuse. Kasakanizidwe ka zitsambazo nkachinsinsi, amakadziwa amonke owerengeka okha.

M'chaka cha 1903 boma la France, limene pa nthawiyo lidali pa udani ndi Eklezia, lidatuma asilikali kukatulutsa amonkewo. Lidalanda nyumba ndi zipangizo zotchezera, lidalandanso chizindikiro cha malonda, ndiye kuti dzina ndi chipepala chimene ankamata pa botolo lililonse. Chizindikirocho chidagulitsidwa kwa kampani ina, imene idayamba kutcheza chakumwa chakechake nkumachitcha Chartreuse. Amonke ambiri adathawira ku Italy, koma odziwa chinsinsi aja adapita ku Tarragona, m'dziko la Spain, napitiriza ntchito yawo kumeneko. Motero m'misika ya maiko ena mudafika mabotolo awiri: lina la dzina lenileni koma zam'kati zachilendo, lina la zam'kati zenizeni koma lolandidwa dzina.

Tsono dzinalo lidali la yani? A kampani adali ndi pogwira. Sadathyole nyumba ya munthu usiku. Adagula poyera, ndi ndalama zawo, motsata malamulo a dziko lawo, ndipo Mkhristu amaphunzitsidwa kulemekeza malamulo a dziko. Komabe chizindikiro cha malonda sichifanana ndi munda kapena ng'ombe. Ng'ombe ikasintha mwini imakhalabe ng'ombe yomweyo. Chizindikiro ndi mawu amene wopanga chinthu akunena kwa wogula amene sadzaonana naye maso ndi maso, akuti: chimene chili m'botolomu chatuluka m'manja mwa auje, ndipo chili monga mudachidziwira kale. Mawu otere akanenedwa ndi munthu wina, amene sadziwa nkomwe kasakanizidwe kake, asanduka umboni wonama, ngakhale chikalata cha boma chitawavomereza. Nchifukwa chake mlanduwu ukhudza lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu, loletsa kuba, koma makamaka lachisanu ndi chitatu, loletsa bodza.

Amonke adakadandaula ku mabwalo a milandu a maiko ena. M'chaka cha 1910 bwalo lalikulu la ku London, la House of Lords, lidagamula mowakomera, ndipo m'chaka cha 1911 bwalo lalikulu la ku United States lidachita chimodzimodzi. Oweruza adaona kuti mphamvu ya lamulo lolanda lija idathera pa malire a France, ndi kuti ogula a m'maiko mwawo pomva dzina la Chartreuse ankaganiza za ntchito ya amonke. Koma ku France komweko dzinalo lidakhalabe m'manja mwa kampani. Botolo limodzi lomwelo lidali lololedwa tsidya lino la nyanja, loletsedwa tsidya linalo, pamene bodza lolembedwa pa botolopo silidasinthe paulendo.

Alipo amene angakhumudwe poona anthu olumbira umphawi akukangana m'mabwalo chifukwa cha dzina la chakumwa choledzeretsa, makamaka pokumbukira kuti Paulo Woyera adadzudzula Akhristu a ku Korinto chifukwa chotengerana ku milandu. Kukhumudwa kumeneku sikopanda pake. Mmonke angathe kukhululuka atalandidwa nyumba, pakuti wolakwiridwa ndi iye mwini. Koma pa nkhani ya chizindikiro wolakwiridwa ngwachitatu, wogula uja wa ku London kapena ku New York, amene adapereka ndalama zake pokhulupirira dzina la amonke. Iwo akadakhala chete, dzina lawo likadapitiriza kunamiza anthu, ndipo sakadatha kukhululuka m'malo mwa onamizidwawo. Chodandaulitsa nchakuti njira imeneyi idafuna ndalama zambiri ndi zaka zambiri, mlandu wakewake m'dziko lililonse. Mmisiri wosauka wolandidwa dzina motere sakadafika nako ku London.

Chakumwa cha kampani ija sichidakondedwe, ndipo pofika 1929 malonda ake adalowa pansi. Anthu ena amalonda a ku Voiron, mudzi woyandikana ndi mapiri aja, adagula magawo a kampaniyo pamtengo wotsika nawapereka kwa amonke ngati mphatso, dzina nkubwerera kwa eni ake. Amonke adalowanso m'nyumba yawo ya Grande Chartreuse m'chaka cha 1940, ndipo ku Tarragona adapitirizabe kutcheza mpaka 1989.