Moyo wa Dokotala ndi Maso a Wodwala pa Nthawi ya Mliri

Pansi pa chigaza, pamene ubongo umakhazikika, pali kachiwalo kochepa ngati njere ya nandolo kotchedwa pituitary, kamene kamalamulira timadzi toyendetsa kukula kwa thupi ndi kubereka. Pamwamba pake pamapingasana mitsempha ya maso. Chotupa chikamera pamenepa chimapanikiza mitsemphayo, ndipo munthu amayamba kuona za kutsogolo zokha, za m'mbali osaziona. Pochichotsa, madokotala amakonda kudzera m'mphuno: amalowetsa kamera yopyapyala, n'kuboola fupa la kuseri kwa mphuno, osang'amba mutu. Wodwala amachira msanga.

Njira yomweyi inasanduka yoopsa pamene COVID-19 inabuka, chifukwa kachirombo kake kamachulukana m'mphuno ndi kukhosi. Makina oboolera fupa amamwaza tinthu tosaoneka ndi maso, timene timayandama mumpweya wa m'fiyeta. Kuchiyambi kwa 2020 kunamveka kuti ku Wuhan ogwira ntchito m'chipatala 14 anadwala pambuyo pa opaleshoni yotereyi, ndipo madokotala a ku Stanford anachenjeza anzawo padziko lonse. Pambuyo pake kunadziwika kuti amene anadwalawo sanali m'fiyeta, koma mantha anali atafala kale. Njira zodzitetezera zinakhazikika motere: kuyeza wodwala asanalowe, kuvala masiki a N95, kuchepetsa anthu m'chipinda, kupewa makina oboolera, ndipo pamene kunali koyenera, kudzera pamwamba pa mutu m'malo mwa mphuno. Zotupa zotulutsa timadzi totchedwa prolactin zimafota ndi mankhwala monga cabergoline, choncho zina sizinafunike mpeni.

Ku Zambia odwala COVID-19 oyamba analengezedwa pa 18 Marichi 2020, ndipo chipatala cha Levy Mwanawasa chinakhala likulu lowasamalira mu Lusaka. Munthu wa ku Chunga mu Lusaka momwemo amene maso ake akuzima amayambira pa kiliniki, amatumizidwa ku chipatala cha Matero, kenako ku chipatala chachikulu cha UTH, kumene kuli akatswiri a opaleshoni ya ubongo. Akatswiriwa ndi ochepa kwambiri m'dziko lonse. Apa ndi pamene nkhani ya luso la manja imasandukira funso la chikumbumtima: kodi dokotala amangidwa kufika pati kuika moyo wake pachiswe chifukwa cha wodwala mmodzi?

Yankho loyamba limachokera ku chipembedzo. Zambia inalengezedwa kukhala dziko lachikhristu ndi Frederick Chiluba mu Disembala 1991, ndipo fanizo la Msamariya wachifundo limadziwika ndi mwana aliyense wa Sande sukulu. Mbiri ya zachipatala ili ndi anthu amene analitsata mpaka kumanda: Matthew Lukwiya anafa ndi Ebola pa chipatala cha Lacor ku Uganda mu 2000, Carlo Urbani anafa ndi SARS mu 2003. Komabe Chikhristu ndi Chisilamu zonse zimaphunzitsa kuti moyo ndi chosungitsidwa ndi Mulungu, moyo wa dokotala nawonso. Ziphunzitsozi zimasiyanitsa chimene munthu ayenera kuchita ndi chimene amachita mwa ufulu wake mopitirira udindo. Wodzipereka amalemekezedwa, koma palibe amene ali ndi mphamvu yolamula mnzake kuti afe.

Yankho lachiwiri ndi lowerengera. Katswiri mmodzi akadwala kapena kumwalira, odwala ambirimbiri a mawa, ovulala pamsewu ndi ana obadwa ndi madzi m'mutu, amatsala opanda wowathandiza. Mfundoyi ndi yoona, ndipo imalemera kwambiri ku Lusaka kuposa ku London. Kufooka kwake n'kwakuti imayerekeza munthu amene wakhala pa benchi lero, wokhala ndi dzina ndi ana, ndi anthu amene sanafike. Ikatsatidwa yokha, imalola kukana wodwala aliyense.

Umunthu, umene Kenneth Kaunda anauika pakati pa nzeru zake za ndale, umasuntha funso lonse. Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga. Ngati anthu akufuna kuti dokotala alowe m'fiyeta, ali ndi ngongole kwa iye: masiki oyenera, zoyezera zotulutsa zotsatira msanga, katemera, ndi chisamaliro akadwala. Ngongoleyi siili kwa dokotala yekha. Namwino, wogonetsa wodwala amene amaweramira pakamwa polowetsa chubu, ndi wokolopa amene amalowa onse atatuluka, amapuma mpweya womwewo, ngakhale kuti mayina awo samveka. Zoterezi zikaperekedwa, ngozi imachepa kufika pa mlingo umene ntchito ya udokotala imavomereza kale, ndipo kukana kumasowa maziko. Zikasoweka, mlandu sukhala wa amene wazengereza pakhomo la fiyeta.

Chovuta kwenikweni ndi kusankha amene adikire. Nthawi zina chotupa chimakha magazi mwadzidzidzi, mutu n'kuwawa koopsa, maso n'kuzima m'masiku ochepa. Apa onse amagwirizana kuti opaleshoni isachedwe, kaya wodwala ali ndi kachirombo kapena ayi. Chotupa chokula pang'onopang'ono chingadikire, koma kudikira si kusachita kanthu. Mtsempha wa diso ukafa subwerera. Ndipo kudikira sikulemera mofanana. Wopeza bwino wa ku Kabulonga kapena Woodlands angalipire sikani ya MRI ku chipatala cholipira n'kudziwa mmene chotupa chikukulira. Mayi wogulitsa pamsika ku Chunga, akauzidwa kuti abwerenso, amawerengera ndalama ya minibasi ndi malonda a tsiku otayika, ndipo angabwere maso atapita kale. Chilungamo chimafuna kuti wouzidwa kudikira alembedwe, ayezedwe maso pafupipafupi, ndiponso auzidwe zizindikiro zoti athamangire nazo kuchipatala.

Katemera anayamba kuperekedwa ku Zambia pa 14 Epulo 2021, ogwira ntchito zachipatala ali m'gulu loyamba. Patangopita miyezi iwiri, funde lachitatu la mliriwu linadzaza mabedi ndi kuchepetsa okisijeni mu Lusaka. Pamenepo funso linasintha nkhope: silinalinso lakuti dokotala alowe m'fiyeta kapena ayi, koma lakuti bedi la odwala kwambiri lipite kwa amene akubanika lero kapena kwa amene akuchita khungu.