Chikombole cha agogo

Tiyeni tipite m'maganizo ku Lebanon, Syria ndi Palestine, kwawo kwa mabisiketi otchedwa ma'amoul.

Ufa wake ndi watirigu wokhakhala, wa semolina. Amausakaniza ndi batala madzulo n'kuusiya ugone usiku wonse kuti umwe mafutawo. Zaphuma sizifunika apa. M'mawa amathiramo timadzi tonunkhira ta maluwa a lalanje kapena a rozi, kenaka amayi a banja lonse amakhala mozungulira tebulo. Wina akuumba timibulu, wina akuboola ndi chala n'kuikamo zipatso za kanjedza zosinja kapena mtedza, wina akukanikizira m'chikombole.

Chikombolecho ndiye mwini nkhani. N'chamtengo, chogoba ndi manja, ndipo m'mabanja ambiri chinayamba chatumikira agogo chisanafike kwa mdzukulu. Amachigogoda m'mphepete mwa tebulo, kho! Bisiketi n'kugwa itadindika maluwa. Maonekedwe ndiwo amaulula zam'kati: yobulungira yaphwatalala ndi yakanjedza, yotalikirapo ndi ya mtedza wa pistachio, yotukuka ngati kachulu ndi ya mtedza wa walnut. Mlendo wozolowera safunsanso, amangotola yakumtima kwake. Ine ndingatole yakanjedza, poti siilira shuga wowaza pamwamba.

Asilamu amaphika kumapeto kwa Ramadan pokonzekera Eid, Akhristu amaphika Isitala ikayandikira, ndipo anansi amapatsana mbale. Ku Egypt kuli mabisiketi ofanana nawo otchedwa kahk. Kumeneko mabanja ena amanyamulabe mathireyi pamutu kupita nawo ku uvuni wa ophika buledi m'dera lawo, poti wapakhomo sangakwanitse mulu wonsewo.