Kodi Choipa Chingagonjetsedwe Kotheratu?

Funso ili lasautsa anthu kuyambira kalekale. Mitundu ina inaliyankha pabwalo ndi ng'oma, povina magule ovala zigoba kumaso, koma mayankho ake ngosiyana.

Mumzinda wa Oruro m'dziko la Bolivia muli gule wotchedwa Diablada. Ovina amavala zigoba za ziwanda za nyanga ndi maso otong'oka, nalimbana ndi Mikayeli Mngelo Wamkulu. Pomaliza ziwandazo zimagonja. Yankho la gule ameneyu nlakuti chabwino chidzapambana ndithu.

Anthu a pachilumba cha Bali ku Indonesia amaona mosiyana. Kumeneko Barong, chilombo chonga mkango choteteza mudzi, chimalimbana ndi Rangda, mfiti yaikazi ya mano aataliatali. Amuna a mbali ya Barong akamuukira ndi mipeni, Rangda amawalodza kotero kuti amaloza mipeniyo pazifuwa zawo zomwe. Barong amawateteza kuti asavulale, koma gule amatha popanda wopambana.

Gule Wamkulu wa Achewa, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza m'chaka cha 2005, ali ndi njira yakeyake. Zilombo zina zimatsanzira chidakwa, wadama kapena wankhanza. Khamu limafa nako kuseka, koma mwini khalidwelo amazyolika pozindikira kuti nyimbo ikunena iye. Pabwalo lomwelo amalowanso Kasiyamaliro mwaulemu wake, kukumbutsa anthu mwambo wa makolo.

Nanga yankho loona ndi liti? Chiyembekezo cha ku Oruro nchofunika, pakuti munthu wokhulupirira kuti chilungamo sichingapambane amafooka asanayambe nkomwe. Komabe pali msampha. Woyesa kuti choipa ndi mlendo wa nyanga sangachizindikire chikabwera chikumwetulira, monga mnzake womupatsa mayankho obera pamayeso kapena wachibale womunyengerera kulandira chiphuphu. Paja akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Apa mpamene Bali ndi bwalo la Achewa zikuposa. Mpeni woloza pachifuwa cha mwiniwake ukusonyeza pamene pali nkhondo yeniyeni, ndipo chilombo chotsanzira chidakwa chikuulula kuti choipa chimagona m'mudzi momwemo.

Choncho choipa chimagonja, koma kwa tsiku limodzi lokha. Amene wakana bodza lero adzayenera kulikananso mawa. Nchifukwa chake magulewa savinidwa kamodzi nkulekeratu: nyengo yake ikakwana, ng'oma zimaliranso.