Wantchito Wobwera Kuchokera Kutali: Chifundo Kapena Mangawa?

Mu mzinda wa Blantyre muli malo okwerera mabasi amene aliyense amawatchula kuti pa Wenela. Ambiri amene amatsika pamenepo lero sadziwa kuti dzinalo linachokera ku bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene kwa zaka zambiri linali kulemba amuna a dziko lino kuti akagwire ntchito m'migodi ya golide ya ku South Africa. Dzinalo latsala, koma amuna amene anayenda ulendowo ali kutha mmodzimmodzi m'midzi ya ku Mzimba, Dedza, Ntcheu ndi Mulanje, ena ali ndi chifuwa chosapola ndi mapepala ong'ambika amene awasunga m'chikwama kwa zaka makumi atatu kapena anai. Tsono funso limene tifuna kulisanthula ndi ili: pamene boma lithandiza munthu wotere, kodi limchitira chifundo, kapena libweza mangawa? Kusiyana kwake nkwakukulu, pakuti wopatsa mphatso amasankha yekha tsiku ndi muyeso wake, koma wamangawa alibe ufulu umenewo.

Mmene Anapitira

Amuna oyamba kupita kum'mwera sanapite chifukwa chokonda maulendo. Boma la atsamunda linaika msonkho wa nyumba wolipidwa ndi ndalama, m'dziko limene ntchito ya ndalama inali yosowa. Motero ena analembedwa ndi Wenela kupita ku Joni, ena ndi Mthandizi kupita ku mafamu ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, ndipo ena anayenda pansi paokha, ulendo umene unkatchedwa selufu. Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964 ulendowo sunathe, koma unakula, kotero kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Gawo la malipiro ao linali kusungidwa kuti akalandire atafika kwao, ndipo mwa njira imeneyi dziko linali kupeza ndalama zakunja. Nyumba zamalata, njinga, makina osokera ndi ndalama za sukulu za ana ambiri zinachokera pansi pa nthaka ya dziko la eni.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo anthu 78 anafa, ambiri a iwo Amalawi amene anali kubwerera kwao atatsiriza ntchito. Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. M'chaka cha 1977 ntchitoyo inayambanso pansi pa dzina la TEBA, limene anthu amati Theba, koma m'chaka cha 1988 inalekeka chifukwa cha kusagwirizana pa nkhani yoyeza magazi a antchito kuti aone ngati ali ndi HIV, ndipo amuna pafupifupi 13,000 anabwezedwa. Taonani kuti pa masinthidwe onsewa wantchito sanafunsidwe. Maboma ndi makampani ndiwo anatsegula khomo, ndiwonso analitseka. Amene anapindula ndi kupita kwa munthu sangathe kunena kuti kubwera kwake sikumkhudza.

Chimene Malemba Aphunzitsa

Chilamulo cha Mose sichinasiye malipiro a wantchito m'manja mwa kukoma mtima kwa mbuye wake. Pa Deuteronomo 24:14, 15 wolemba ntchito alamulidwa kulipira wosauka tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, ngakhale akhale mbale kapena mlendo, ndipo kuchedwetsa malipirowo kuwerengedwa tchimo. Yakobo 5:4 anena za malipiro osungidwa mwachinyengo monga chinthu chokhala ndi mau, chimene kulira kwake kumafika kwa Mulungu. Komanso pali lamulo lokhudza obwerera kwao mwachindunji. Pa Deuteronomo 15:12-14, Mhebri amene watumikira zaka zisanu ndi chimodzi sayenera kumasulidwa chimanjamanja. Mbuye wake ayenera kumpatsa mowolowa manja za m'khola, za padwale ndi za moponderamo mphesa. Chifukwa chake nchoonekeratu: kholalo ndi dwalelo zinadzala ndi thukuta la yemwe ali kuchokayo.

Yakobo mwana wa Isake anali wantchito wa m'dziko la eni kwa zaka 20. Pa Genesis 31:38-42 akumbutsa Labani za kutentha kwa usana, chisanu cha usiku ndi malipiro amene anasinthidwa kakhumi. Kunalibe bwalo la milandu kapena kazembe woti amuimire, ndipo Yakobo avomereza yekha kuti akadachoka wopanda kanthu Mulungu akadapanda kuona kusauka kwake. Ngakhale lamulo la Sabata litchula mlendo ndi wantchito, ndipo pa Deuteronomo 5:14, 15 chifukwa chimene chiperekedwa ndicho chakuti Aisrayeli anali akapolo ku Aigupto. Mtundu umene unadya chakudya chowawa m'dziko la eni sunaloledwe kuiwala.

Mangawa Obisika M'mapapo

Pali mangawa ena amene saoneka tsiku lotsika basi. Fumbi la miyala ya mu mgodi wa golide limalowa m'mapapo ndi kuwaumitsa pang'onopang'ono. Nthendayi, yotchedwa silicosis, ilibe mankhwala ochiza, imatha kuonekera patapita zaka zambiri munthu atasiya ntchito, ndipo imatsegulira njira chifuwa chachikulu cha TB. Motero mgodi unatenga mnyamata wamphamvu, koma mudzi ndiwo unalandira wodwala, ndipo mkazi wake ndiye anakhala namwino wopanda malipiro. M'chaka cha 2018 makampani asanu ndi limodzi a golide anagwirizana ndi oimira antchito kupereka marandi 5 biliyoni. Bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg linavomereza panganolo m'chaka cha 2019, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lilipire oyenerera amene anagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo pakati pa 12 Malichi 1965 ndi 10 Disembala 2019, pamodzi ndi amasiye ao.

Komatu ndalama zosungidwa ku Johannesburg sizifika zokha m'manja mwa nkhalamba ya kumudzi. Pafunika umboni wakuti munthuyo anagwiradi ntchito, chiphaso chomdziwitsa, kuyezedwa m'chifuwa ndi akatswiri, ndiponso buku la ku banki. Wamasiye afunika kalata yotsimikiza imfa ya mwamuna wake ndi chimene chinamupha. Zinthu izi mudzi sungazipange, mpingo sungazipange. Zambiri zili m'manja mwa maboma. Apa ndi pamene lamulo la dzuwa lisanalowe lipeza mphamvu yake yonse, pakuti pa moyo wa munthu wa zaka 75 dzuwa lapendeka kale. Kalata imene yagona pa tebulo chaka chimodzi ikhoza kupeza mwini wake ali m'manda.

Zimene Otsutsa Anena

Wina adzati, “Anthu a masiku ano amapita mwa kufuna kwao, ndipo ambiri amadutsa malire mopanda zikalata. Bwanji msonkho wa amene anatsala uwathandize?” Mau awa sayenera kunyozedwa. Nzoona kuti thumba la boma nlaling'ono, ndi kuti mlimi amene sanachokepo pa munda wake alinso ndi zosowa. Nzoonanso kuti Aroma 13 atiphunzitsa kumvera malamulo a dziko, ndipo Mkhristu wofuna kuyenda ayenera kufuna pasipoti ndi chilolezo, kuwerenga pangano la ntchito asanasaine, ndi kukana njira zachinyengo.

Koma chaputala chomwecho chitchula wolamulira kuti ndiye mtumiki wa Mulungu wochitira anthu zabwino, ndipo sichinena kuti utumikiwo umathera pa chipata cha Mwanza kapena Dedza. Kuphwanya lamulo la malire kuli ndi chilango chake, koma sikusandutsa munthu kukhala nyama yoti aliyense aisake. Pangano la United Nations la pa 18 Disembala 1990 lokhudza antchito osamukira kunja ndi mabanja ao lisiyanitsa bwino zinthu ziwirizi: lipatsa ufulu woonjezera kwa amene ali ndi zikalata, koma ufulu wa moyo, wa kusazunzidwa, wa kusagwiritsidwa ukapolo ndi wa chithandizo cha chipatala pa ngozi liupatsa kwa onse. Pamene alendo anaukiridwa ku South Africa m'chaka cha 2008, anthu 62 anaphedwa, ndipo opha sanayambe afunsa mapepala. Chiwawa chitabukanso m'chaka cha 2015, boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga nzika zake, ndipo linachita bwino. Koma m'mwezi wa Meyi 2020, pa mliri wa Covid-19, mazana a anthu obwera kuchokera ku South Africa anathawa pa Kamuzu Stadium pamene anasungidwa kudikira zotsatira za kuyezedwa, ambiri akudandaula za chakudya ndi zimbudzi. Othawawo anaika ena pangozi, ndipo sitiwalungamitsa. Koma tiphunzirapo kuti kufikitsa munthu m'dziko lake si kumulandira.

Mfumu Koresi wa ku Perisiya sanali Mwisrayeli, koma pa Ezara 1 tiwerenga kuti sanangotsegulira Ayuda njira. Analamula kuti anansi ao awathandize ndi siliva, golide, katundu ndi zoweta, nabweza ziwiya za m'kachisi zimene Nebukadinezara anatenga, zitawerengedwa chimodzichimodzi. Zina mwa zimene anapereka zinali thandizo, koma ziwiyazo zinali zao kale. Boma lolungama liyenera kudziwa kusiyanitsa ziwirizi, lisamayembekeze kuthokozedwa pobweza chimene sichinali chake.

Pamene Dzanja la Boma Silifika

Tingalakwe tikaloza chala ku Lilongwe ndi ku Pretoria kokha. Makolo anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Koma ambiri amachona chifukwa choopa maso a kwao. Wobwera ndi galimoto timampatsa mpando wakutsogolo, pamene wobwera ndi kachikwama ka pulasitiki timamnong'onezana. Timafulumira kumfanizira ndi mwana wolowerera, ngakhale sanamwaze chuma cha atate wake, koma anali kudyetsa banja lonse kufikira tsiku limene anagwidwa kapena kudwala. Afanana kwambiri ndi Naomi, amene njala inamchotsa ku Betelehemu, nabwera patapita zaka ngati khumi wopanda mwamuna ndi ana. Lamulo la khunkha linalipo kale m'Israyeli, koma lamulolo silikadadyetsa Naomi ndi Rute pakadapanda Boazi wolichita ndi mtima wonse, ndi kupyola pamene lamulo linalekeza.

Ndiponso ife amene tidandaula za abale athu ozunzika kunja tili ndi antchito athu. Mtsikana wochokera kumudzi amene atiphikira, mlonda wa pachipata, waganyu wochokera ku Mozambique amene atilimira: kodi malipiro ao amagona m'nyumba mwathu kufikira liti? Kodi amapuma pamene ife tipuma? Sitingafunse chilungamo kwa Labani wa kutali pamene ife tili Labani pakhomo pathu. Chifundo chili ndi malo ake, ndipo Mulungu achikonda. Koma chimayamba pamene mangawa abwezedwa.

Mafunso Okambirana

1. Kodi m'dera lanu muli okalamba amene anagwira ntchito ku Theba, kapena amasiye ao? Ndani mwa inu angawathandize kuwerenga mapepala ao ndi kuwaperekeza ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, popanda kufuna gawo pa zimene adzalandire?

2. Mnyamata wa mu mpingo mwanu akuuzani kuti wina wamlonjeza ntchito kunja, koma palibe pangano lolembedwa. Kodi mudzamlangiza chiyani, ndipo mudzamlandira motani akadzabwera chimanjamanja?

3. Werenganinso Deuteronomo 24:14, 15. Kodi alipo munthu amene dzuwa lamlowera akudikira malipiro ochokera kwa inu?