Mfundo zofunika kuchokera ku njerwa ndi matope

Tikakwera minibasi kupita ku Machinjiri kapena ku Bangwe, timadutsa nyumba zambiri zoima pa windo levulo, udzu utamera m'zipinda. Kodi makoma amenewa akutiuza chiyani za ife eni?

1. Kumanga pang'onopang'ono si manyazi. Ambirife timagula puloti chaka chino, njerwa chaka chamawa, malata ana atakula. Aaziteki a ku Mexico, amene anayamba mzinda wa Tenochtitlan cha m'ma 1325 pachilumba cha m'nyanja ya Texcoco, sanamange kachisi wawo wamkulu kamodzin'kamodzi. Ankamukuza pomukuta ndi makoma atsopano, wakaleyo n'kutsalira m'kati. Nanga ife tikuthamangiranji kukatenga katapila kuti aneba aone denga?

2. Manja osaphunzira amatha kuphunzira. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku mishoni ya Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. M'busa David Clement Scott, amene anachilinganiza, sanapite kusukulu ya zomangamanga, ndipo amuna akuno amene anachimanga anali asanagwirepo ntchito yotere. Dothi anakumba pompano, anaponda matope, anaumba njerwa zamitundumitundu m'zikombole zamatabwa, n'kuziotcha ndi nkhuni. Lero chikadali chilili, anthu akupempheramo. Chondiwawa n'chakuti dzina la Scott tonse timalitchula, koma amene anasenza njerwazo pamutu sitiwakumbuka. Kodi mnyamata amene akukandira matope mmisiri wathu ku Ndirande timamulipira pa nthawi yake? Timamufunsa n'komwe ngati wadya?

3. Pulasitala amabisa, mvula imaulula. Mmisiri akabisa thumba la simenti n'kuchulutsa mchenga, khoma limaoneka bwino ndithu tsiku lolowa m'nyumba. Mwini nyumba amene amakakamiza kuti maziko akhale osaya pofuna kupulumutsa ndalama nayenso ndi wakuba; akubera ana ake omwe.

4. Madzi saiwala khwawa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Tisafulumire kuloza chala amene anamanga m'mphepete mwa phiri, pakuti ambiri anakankhidwirako ndi lendi komanso kusowa malo. Koma tidzifunse: mitengo ya m'phiri la Ndirande ndi la Soche inapita kuti? Ina inathera m'makala amene tinaphikira, ina m'mauvuni otchera njerwa zathu zomwezi. Aaziteki aja ankakhoma mitengo pansi pa maziko ndi kumanga mpanda wotchinga madzi, chifukwa ankadziwa kuti nyanja ya Texcoco anaipeza. Asipanishi atagonjetsa mzinda wa Tenochtitlan mu 1521, m'kupita kwa zaka nyanja inaumitsidwa, ndipo Mexico City, imene inamangidwa pamalopo, ikutitimira mpaka lero. Ife tikamayeza puloti, tiyambe tafunsa achikulire a m'deralo kumene madzi amadutsa mu Januwale, ndipo ngalande tikumbe pamodzi ndi aneba, isakathere pakhomo pa mnzathu wakumunsi.