Kodi Chimene Diso Laona, Dzanja Lichikonze?

Coronary angiography ndi njira yojambulira mitsempha imene imapereka magazi ku mnofu wa mtima. Dokotala amalowetsa kachubu kowonda mumtsempha wa pamkono kapena wa m'mphechepeche mpaka kakafike kumtima, kenako amapopera mankhwala a ayodini kuti mitsemphayo ioneke pa X-ray. Njirayi inayamba mu 1958 ku Cleveland Clinic, ku America, dokotala Mason Sones atapopera mankhwalawo mwangozi mumtsempha wa mtima wa wodwala wina, wodwalayo n'kupulumuka.

Ojambulidwa ambiri ndi amene mtsempha wawatsekekera mwadzidzidzi, ndiponso amene amamva kupweteka pachifuwa akamayenda kapena kugwira ntchito. Mwa ena mitsempha imapezeka yabwinobwino. Mwa ena umodzi, iwiri kapena yonse itatu ikuluikulu imakhala itachepa chifukwa cha mafuta, ndipo kuchepa kofika 70 peresenti kumaonedwa kuti n'kwakukulu. Chithandizo chili patatu: mankhwala, kufutukula mtsempha n'kusiyamo kachitsulo kotchedwa stent, kapena opaleshoni yolambalalitsa magazi.

Apa ndi pamene pamabuka funso la nzeru ndi chikumbumtima: kodi munthu akaona cholakwika, ali ndi udindo wochikonza nthawi yomweyo? Mtsempha ukatsekeka mwadzidzidzi, yankho ndi inde, pakuti kuutsegula msanga kumapulumutsa moyo, ndipo kuzengereza n'kulakwira wodwala. Koma matenda akakhala okhazikika, nkhani imasintha. Kafukufuku wa COURAGE, amene anatuluka mu 2007, ndi wa ISCHEMIA, wa mu 2020, anasonyeza kuti kwa odwala otere kuthamangira kutsegula mitsempha sikunachepetse imfa kuposa mankhwala abwino, ngakhale kuti kumachepetsa ululu.

Chifukwa chake n'chakuti chithunzi chimaonetsa njira ya magazi yokha. Sichinena kuti mafuta atiwo adzaphulika, ndipo nthawi zambiri ngozi imachokera pamalo amene ankaoneka ocheperako pang'ono. Sichionetsanso mantha a wodwala, msinkhu wake, mphamvu ya impso zake, kapena zimene iyeyo akufuna pa moyo wake. Kuona ndi gawo chabe la kudziwa, ndipo akale ananena zoona kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Udindo wa dokotala uli kwa munthu yense, osati kwa chithunzi chake. Ayenera kufulumira pamene moyo uli pachiswe, kudziletsa pamene mankhwala, kusiya fodya ndi kuchepetsa shuga ndi BP zingakwanire, ndiponso kumuuza wodwala zoona kuti asankhire limodzi.