Katswiri akalowa mpikisano wa ongophunzira



Ku America kuli anthu amene ntchito yawo ndi kuyang'ana siginecha ya munthu wotchuka, kaya ili pa jezi, pa chithunzi kapena pa golovesi ya nkhonya, n'kunena ngati ili yeniyeni kapena yopeka. Makampani ngati PSA, JSA ndi Beckett amalipiritsa pa ntchitoyi, chifukwa zabodza zilipo zambiri: mu 1999 apolisi a FBI anagwira gulu lopeka masiginecha pa kafukufuku wotchedwa Operation Bullpen. Taganizani za siginecha ya Muhammad Ali. Atadwala Parkinson's dzanja linkanjenjemera, zilembo n'kumachepa. Ndiye kunjenjemera kwa wodwala ndi kwa munthu wokopera mwamantha mungakusiyanitse bwanji? Pamafunika diso lozolowera.

Tsono tiyerekeze kuti achinyamata okonda zinthuzi akonza kampikisano kawo. Masiginecha khumi patebulo, loza abodza, wopambana atenga kamphoto. Kenako pakubwera bambo amene amadyera ntchito yomweyi, akuti nanenso ndilembeni. Alowe?

Poyamba ndinkati ayi, basi. Koma lamulo lokaniza olipidwa lili ndi mbiri yake yoipa. Jim Thorpe anapambana mamendulo awiri agolide pa Olympics ya ku Stockholm mu 1912, ndipo mu 1913 anamulanda chifukwa anali atalandirapo tindalama posewera baseball. Anavomera kumubwezera mu 1982, mwiniwake atamwalira kale mu 1953. Lamulo lotere linkakomera ana a olemera, amene akanatha kusewera osafuna malipiro. Wosauka akangolandira ya sopo, watuluka.

Komanso kutsegula chitseko kuli ndi zake. Mu 1992 ku Barcelona akatswiri a NBA analowa mu Olympics, ndipo America inagonjetsa Angola 116 kwa 48. Anthu anasangalala kuonera, inde, koma amene apambane ankadziwika mpira usanayambe.

Kwa ine nkhani yagona pa cholinga cha mpikisanowo. Ukakhala wofuna kupeza diso lakuthwa kuposa onse, katswiri alowe, palibe vuto. Koma wa ongophunzira amaukonza kuti mnyamata amene wakhala usiku wonse akuyerekeza zilembo pa foni adziyese ndi anzake ofanana naye, alakwitse popanda manyazi, mawa abwerenso. Katswiri akapata khumi pa khumi sanaphunzirepo kanthu, ndipo enawo angoona zimene ankadziwa kale, kuti iye amawaposa. Mphoto yapita, ndipo ena ulendo wina sabweranso.

Choipitsitsa ndi kulowa mobisa. Mpikisano wonse ndi wogwira chinyengo, ndiye iwe ukulembetsa ngati wophunzira pamene ndiwe katswiri? Feki yoyamba patebulopo ndiwe.

Ine ndingamuuze kuti: bambo, bwerani, koma nenani poyera ntchito yanu, mphoto muisiye, ndipo pomaliza mutionetse pamene cholembera chinaima, pamene inki inachuluka, chimene chinakukayikitsani. Ngati mukufunadi kupikisana, akatswiri akhale ndi gawo lawolawo.

Pamene pakundivutabe ndi apa: katswiri ndi ndani? Pali munthu amene wagula ndi kugulitsa masiginecha pa eBay zaka khumi, alibe satifiketi, sali pa kampani iliyonse, koma diso lake likuposa la wina amene walembedwa ntchito mwezi watha. Pa fomu yolembetsera, woyambayo ndi wophunzira. Mukanakhala okonza mpikisano, mukanamuika gawo liti?